Chotsani 30

Kumbuyo kwa makina oyezera BP a pakiliniki ina yaing'ono ku Nkomeshya kunali kapulasitala kolembedwa ndi bolopeni yofiira: "Pamwamba chotsani 30, pansi chotsani 15." Anamata kapulasitalako ndi Sisita Rosaria, amene anali atayang'anira kilinikiyo zaka khumi ndi zinayi. Lamuloli ndi limene anayamba kuphunzitsa Mwila, nesi watsopano, tsiku limene anafika, asanamuonetse n'komwe kumene kunali chimbudzi.

"Makina aya ni abodza," anatero Sisita. "Amawonjeza. Akakupatsa 170, iwe ulembe 140. Wamva?"

"Namva, ba Sisita."

Mwila anali atangomaliza maphunziro a unamwino ku Lusaka. Kusukulu sanamuphunzitsepo zochotsera manambala, koma sanamuphunzitsenso mmene angasungire katemera magetsi atazima masiku awiri, ndipo zimenezo Sisita ankazidziwa. Choncho Mwila ankachotsera. Pakati pa sabata ankagona m'kachipinda kuseri kwa kiliniki, Lachisanu madzulo n'kukwera minibasi kupita ku Silverest kwa azakhali ake, a Norah.

M'mawa uliwonse, odwala asanayambe kulowa, Sisita ankayesa makinawo pa mkono wawo kuti aone ngati mabatire ali ndi moto. Ankakulunga lamba, kudina batani, n'kumayang'ana manambala ngati mmene mayi amayang'anira mwana amene akudziwa kuti anama.

"Waona? 176. Ine? Nikanagona kale pa bedi."

Nambala yawo ankaidziwa. Inali 140 pamwamba, 85 pansi, ndipo anawayeza pamsonkhano wa manesi ku Chongwe zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Makinawo atabwera chaka chatha, tsiku loyamba anawapatsa 170 ndi 100. Zinali zoonekeratu kuti pakati pa iwo ndi makina wina akulakwitsa. Iwo anali atadzidziwa zaka makumi asanu ndi zisanu, pamene makinawo anali atangotuluka m'katoni. Anachotsera n'kupeza kusiyana kwake, ndipo anakulemba pa pulasitala.

Anthu a m'midzi yozungulira ankati a Sisita ndi chitsulo, ndipo iwo akamva sankatsutsa. Nyumba yawo inali pafupi kwambiri ndi kiliniki moti munthu akatsokomola pabenchi ankamveka kukhitchini. Ankawagogodera pa nthawi ya chakudya, Lamlungu akuvala zopita kutchalitchi, ngakhale tsiku limene anabwera kuchokera ku maliro a mchemwali wawo ku Katete. Tchuthi anali asanapiteko zaka zisanu ndi chimodzi chifukwa panalibe wowasiyira, ndipo Mwila atabwera chifukwacho chinangosintha: wowasiyira analipo, koma anali mwana. Mutu unkawapweteka cha kunkhongo pafupifupi masana aliwonse. Ankati ndi dzuwa. Kukakhala mitambo ankati ndi magalasi amene anatha mphamvu. Ankameza mapilitsi awiri a mutu ali chiimire n'kuitana wotsatira.

Lachitatu lina, m'mwezi wachitatu wa Mwila pamalopo, kunagwa mvula kuyambira m'mawa ndipo pabenchi panalibe munthu. Sisita anali m'chipinda cha mankhwala. Mwila, posowa chochita, anakulunga lamba pa mkono wake n'kudina. Makina anaonetsa 112 ndi 70. Anachotsera mumtima monga anazolowera, ndipo anapeza 82 ndi 55.

Munthu wa 82 ndi 55 sakhala atatsamira tebulo akukukuta chimanga chootcha. Amakhala atagona miyendo ili m'mwamba, wina akumusakira mtsempha. Mwila anayezanso kawiri, mkono womwewo ndi winawo. Manambala sanasinthe kwenikweni. Anavula lambayo, n'kumupinda bwinobwino, ndipo chimanga chija sanachimalize.

Tsiku lotsatira linali Lachinayi, tsiku la anthu a BP. Wachitatu kulowa anali a Bornwell, mlimi wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi amene makolo ake anachokera ku Chipata. Atangodziwa kuti Mwila ndi Mbemba anamuyesa mbuya wawo, kutanthauza mnzawo wonyozana naye mwanthabwala monga amachitira anthu a ku Chipata ndi Abemba, ndipo chiyambire pamenepo sankalowa osamunyoza.

"Adya anyani, mwauka? Sambani m'manja musananigwire."

"Imwe a mbewa, khalani pansi. Mvula ya dzulo siinakukokolereni ndiwo?"

"Mbewa ni nyama ya ulemu. Siimakuyang'ana ngati m'bale wako ukamaiwotcha."

Makina anaonetsa 174 ndi 101. Mwila anagwira bolopeni osalemba. Sisita, amene ankawerengera mayi wina mapilitsi patebulo lina, anafunsa osatembenuka.

"Zingati?"

"174, ba Sisita. Pansi 101."

"144 na 86. Muli bwino, a Bornwell. Pitirizani."

"Nidziwa kuti nili bwino," anatero a Bornwell akutsitsa mkono wa shati. "Mwezi wachinayi uno muniuza zimenezo. Manje mankhwala nimamwa chabe mutu ukawawa. Otsala nimapatsako amai kunyumba."

Sisita anawakalipira pang'ono za kugawana mankhwala, kukalipa kwa munthu amene sakuona choopsa. Mwila analemba 144 m'kaundula. Kenako anatenga pensulo n'kulemba 174 m'mphepete, ting'onoting'ono, ndipo anachita chimodzimodzi kwa aliyense amene analowa tsiku limenelo. Pofika masana m'mphepete mwa tsambalo munali manambala amene sankafuna kuwayang'ana. Koma nambala imene inkamuvutitsa kwambiri sinali m'kaundula. Inali ija ya m'mawa uliwonse, imene mwini wake ankaiseka.

Ku Silverest, a Norah anali ndi makina awoawo ogula ku famase. Ankagwira ntchito m'boma ku Lusaka, ndipo ankadziyeza akadzuka, akafika kunyumba, ndiponso akakangana ndi amisiri amene ankawamangira mpanda. Mwila atawapempha makinawo anamuyang'ana ngati wawapempha impso.

"Nanga ine nikafa pakati pa wiki?"

"Simuzafa, ba anti. Muli na 125 kuchokera chaka chatha."

"Chifukwa nimaiyang'anira. Ukaileka chabe imakwera." Anamupatsa atakulunga m'thaulo. "Lachisanu nifuna yabwele. Na mabatire yake."

Lolemba m'mawa Mwila anaika makina awiriwo pamodzi patebulo. Sisita anadziyeza ndi a kiliniki, anapeza 179. Anavomera kuyesa a a Norah, mwina pofuna kuti nkhani ithe, ndipo anapeza 181.

"Onse ni a mabatire," anatero. "Fakitale imodzi. Itana woyamba."

Mwila anaitana woyamba. Munthu wa miyezi itatu sauza munthu wa zaka makumi atatu pa ntchito kuti akudwala, makamaka pabenchi pali anthu amene akumva. Anadikira mpaka wodwala womaliza atapita, cha m'ma folo koloko, Sisita atavula nsapato imodzi pansi pa tebulo.

"Ba Sisita, paja muli na makina yakale mu kabati? Yopopa na manja?"

"Alipo. Amene aja ndiye makina. Sanama."

"Niphunzitseni. Ku sukulu tinagwilako kawiri chabe, naiwala."

Sizinali zoona, koma Sisita anali atayembekezera miyezi itatu kuti digiri ivomere kuti pali chimene sikudziwa. Anavalanso nsapato ija n'kukatenga makinawo. Anali m'kachikwama kakuda kong'ambika zipi: lamba, kampira kopopera, ndi kawotchi kokhala ndi muvi. Anapachika m'makutu chomvetsera kugunda kwa mtima, n'kukoka mkono wa Mwila.

"Lamba zala ziwiri pamwamba pa chigongono. Osati apa, apa. Upopa mpaka phokoso lizime, ndiye utsegula pang'onopang'ono. Pamene wayamba kumva kugunda, ndiye ya pamwamba. Pamene kwazima, ya pansi." Anapopa, anamvetsera, maso ali pa muvi. "110 na 70. Waona? Zosavuta."

Mwila anatenga makina a mabatire aja, n'kukulunga pa mkono womwewo. Anaonetsa 113 ndi 71. Anawatembenuza kuti Sisita aone.

Sisita anayang'ana nthawi yaitali ndithu.

"Iwe ndiwe mwana. Kamkono kako n'kochepa. Amanama pa anthu akulu."

"Kapena. Manje lekani niyese ine, muone ngati nagwira."

Makina opopa ali ndi vuto limodzi: munthu sadziyeza yekha bwinobwino. Pamafunika wina. Sisita anayang'ana pakhomo, kunja kunali mbuzi zokha. Anapinda mkono wa yunifolomu n'kuutambasula patebulo, nkhope atayang'anitsa kukhoma kumene kunali chithunzi cha mayi woyamwitsa.

Mwila anapopa. Muvi utafika pa 160 Sisita anati, "Basi, wapitirira." Koma m'makutu mwa Mwila kugunda kunali kukumveka bwinobwino. Anapopabe mpaka 200, pamene kunakhala chete, n'kuyamba kutsegula.

"186," anatero. "Pansi 108."

"Makutu ako ali na sera."

Mwila anachotsa chomvetsera chija m'makutu mwake n'kuwapatsa. Sisita anachipachika okha ndi dzanja limodzi. Mwila anagwirizira kumapeto kwake pa mtsempha, anapopanso, n'kutembenuza kawotchi kuti kayang'ane kwa iwo. Anatsegula pang'onopang'ono monga anamuphunzitsira. Iye sankamva kanthu tsopano, ankangoona nkhope. Muvi utatsika pang'ono kuchoka pa 190, chikope cha Sisita chinagwedezeka kamodzi.

Mpweya utatha m'lamba, Sisita anavula chomvetsera n'kuchiika patebulo.

"Nipatse kaundula."

Anatsegula kuyambira mwezi umene makina anabwera, n'kumatsika ndi chala dzina ndi dzina. Atafika pa tsamba la Lachinayi lapitalo anaona manambala a pensulo aja.  Anthu onse a BP oyezedwa ndi makinawo anakwana makumi asanu ndi limodzi ndi atatu, ndipo aliyense ankamudziwa mudzi wake ndi amene amakhala naye. Pa dzina limodzi chala chinaima. Anali mayi wina amene anafa ziwalo mbali imodzi mu Juni, ndipo tsopano ankasamalidwa ndi mwana wake ku Chalimbana. Nambala yake yomaliza m'kaundula inali 150.

"Tiwaitane onse," anatero Sisita. "Lachinayi lino. Uza a m'makomiti a zaumoyo, alengezenso m'matchalitchi a pakati pa sabata."

"Nanga imwe?"

"Ine nizaona."

"Ba Sisita, 186."

"Namva na makutu anga, sunamve iwe wekha. Nati nizaona. Ndipo izi zithere m'chipinda muno."

Lachiwiri sanayese makina pa mkono wawo. Anangodina batani lamba ali patebulo, n'kunena kuti mabatire ali bwino. Mwila anawafunsa masana ngati ayamba mankhwala, iwo anati ali bize. Lachitatu Mwila anabweretsa khadi latsopano la wodwala n'kuliika pafupi ndi kapu yawo ya tiyi. Sisita analibweza m'bokosi.

"Iwe uganiza anthu akamva kuti Sisita adwala BP azabwera kwa ndani? Munthu amene walephera kudziyang'anira yekha? Nizatenga mapilitsi mu kabati, nizamwa kunyumba. Palibe khadi."

"Mwatenga?"

"Nizatenga."

Mwila ankadziwa mmene mapilitsi a m'kabati amamwedwera ndi manesi: masiku atatu, kenako mutu ukasiya, basi. Koma analibe mphamvu yolembera khadi munthu amene ankasaina mafomu ake.

Lachinayi anthu anabwera oposa makumi anayi. Benchi inadzaza, ena anakhala pa khonde, ena pansi pa mtengo wa mango ndi njinga zawo. Sisita anaima pakhomo n'kulengeza kuti panali vuto ndi kayezedwe, tsopano lakonzedwa, ndipo aliyense ayezedwanso. Sananene kuti vutolo linali lotani.

A Bornwell analowa oyamba, chifukwa anati ali ndi feteleza wothira. Chitseko chinali chotsegula chifukwa cha kutentha. Makina anaonetsa 178 ndi 104, ndipo Mwila analemba momwemo ndi bolopeni.

"Batate, BP yanu ili pamwamba maningi. Mankhwala muzayamba kumwa tsiku lililonse, osadumpha, ndipo tiwonjezerako ena. Lolemba mupite ku Chongwe bakapime magazi na impso."

A Bornwell anasuzumira m'kaundula.

"Simunachotse."

"Sitichotsanso."

"Chotsani 30, mbuya. Ine sin'napite patali na sukulu koma iyi samu naidziwa. 148."

"Makina yali bwino, batate. Ni 178."

"Makina amene a Sisita akamba okha chaka chonse kuti ni abodza? Lero alapa?" Anatembenukira kukhomo kuti a pabenchi amve. "Imwe, Abemba afuna kutimaliza na mapilitsi kuti atenge minda!"

Anthu anaseka, koma a Bornwell anali ataimirira kale ndipo chipewa chinali kumutu. Sankachita nthabwala yokha. Mayi wina pabenchi ananena kuti nayenso anauzidwa mwezi watha kuti ali bwino, ndiye wasiyiranji kupalira. Wina anati mwana wa sukuluyu akufuna kuonetsa kuti anaphunzira. Bambo wina pansi pa mango anayamba kumasula njinga yake.

"Ine nimvera a Sisita," anatero a Bornwell. "Akaniuza okha kuti nadwala, nizamwa. A Sisita, makina aya si abodza?"

Sisita anali ataima pakati pa chitseko, m'manja muli makadi. Mwila anayang'ana m'kaundula. Panadutsa kanthawi kokwanira kuti wa njinga uja afike pa geti.

"A Kondani, bwezani njinga," anatero Sisita mokweza. "A Bornwell, chokani pa mpando."

"Nachoka kale."

Sisita anaika makadi patebulo, anakhala pa mpando wa odwala, n'kupinda mkono wa yunifolomu. Mpandowo unali waufupi kuposa wawo, ndipo kuchokera pabenchi ankaoneka ngati mayi wina aliyense wonenepa pang'ono amene wabwera ndi mutu.

"Yeza. Uwerenge mokweza."

Mwila anakulunga lamba. Makina analira, anthu a pakhonde anasunthira pafupi ndi zenera.

"182. Pansi 106."

"Mwamva?" anatero Sisita, osayang'ana munthu. "Makina alibe mlandu. Anayamba kuniuza ine chaka chatha, ine n'nakana, n'nati ni abodza. N'nachotsa pa ine, n'nachotsa na pa imwe. Manambala amene n'nakuuzani anali ochepa. Olakwa ndine."

 Mayi wodandaula za kupalira uja anayang'ana pansi. Kenako a Bornwell anavula chipewa n'kuweramira pa makina kuti aone okha.

"182," anatero. "Mwanipitirira na folo. A Sisita, ngakhale pa matenda mufuna mukhale a nambala wani?"

Kuseka kunayambira pakhonde n'kufika mpaka ku mango. Sisita sanaseke, koma mapewa awo anatsika pang'ono.

"Khadi," anauza Mwila.

Mwila anatenga khadi m'bokosi. Dzina ankalidziwa, mudzi ankaudziwa. Anafunsa mafunso otsalawo monga amafunsira aliyense: mutu, maso, kutupa kwa miyendo, ngati makolo anali ndi BP. Sisita anayankha zonse mwachidule, ndipo mayankho ambiri anali inde. Mayi awo anagwa kumunda ali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri.

"Zaka zanu, ba Sisita?"

"Izo ulembe chabe, usawerenge mokweza."

Anamwa piritsi loyamba pomwepo, anthu akuona. Kenako anaimirira, anatsitsa mkono wa yunifolomu, n'kuloza mpando.

"A Bornwell."

A Bornwell anakhala. Analandira mankhwala awo a mitundu iwiri ndi kalata ya ku Chongwe, ndipo anafunsa ngati akazi awo, amai kunyumba aja, angabwere nawonso kudzayezedwa, popeza mapilitsi awo aja atha. Tsiku limenelo anamaliza anthu onse dzuwa litapendeka. Khumi ndi mmodzi anafunika makalata. Si onse amene anaseka. Mwana wa mayi wa ku Chalimbana uja anamva nkhaniyi Loweruka, ndipo anatumiza mawu akuti adzabwera kudzalankhula ndi Sisita. Iwo anayankha kuti abwere.

Kalata ya khumi ndi chiwiri inali ya Sisita, ndipo anailemba Mwila. Lolemba m'mawa Sisita anatuluka m'nyumba atavala chitenje ndi bulauzi ya kutchalitchi, kalata ili m'chikwama. Galimoto yopita ku Chongwe inali itaima pamsewu, a Bornwell atakhala kale kutsogolo ndipo akukana kusuntha. Sisita anapatsa Mwila makiyi a chipinda cha mankhwala, anayenda mpaka pa geti, n'kubwerera kudzamuuza kuti furiji ya katemera imafuna kuikankha ndi bondo kuti itsekeke. Anapitanso, n'kubwereranso kudzanena za mayi wina woyembekezera amene amanama masiku. Woyendetsa galimoto analiza hutala.

Isanakwane twelofu koloko Sisita anali ataimba foni kanayi. Mwila anayankha kawiri koyamba. Kachitatu anali akusoka mwana amene anadzitema ndi khasu, ndipo kachinayi anangoiyang'ana foniyo mpaka inasiya.

Dokotala wa ku Chongwe anawalembera masabata awiri opuma. Sisita anakambirana naye mpaka anatsikira pa masiku asanu, ndipo masiku asanuwo anawathera pa khonde la nyumba yawo, pampando woyang'ana ku kiliniki, akufunsa aliyense wotuluka kuti wapatsidwa chiyani.